Boma, kapaso, chitupa: mawu a ambuya athu ndi mmene Fort Jameson inkayendera

Kuno kwathu munthu akamachoka ku Chiparamba kapena ku Mtenguleni kubwera m'tauni sanena kuti ndikupita ku Chipata, amati ndikupita ku boma. A ku Katete ali ndi boma lawo, a ku Chadiza, a ku Lundazi, a ku Petauke chimodzimodzi, ndipo palibe amafunsa kuti boma lake liti, tonse timamvana. Koma tayesani kufunsa mwana wa giredi 9 kuti kapitao anali ndani, chitupa chinali cha chani, mesenjala ndi kapaso ankasiyana pati, angokuyang'anani. Osati kuti ana athu ndi ogona ayi. Zinthuzi kusukulu amaziphunzira mu Chingelezi, amaloweza zaka kuti akhoze mayeso, ndiye akafika kunyumba n'kumva ambuya awo akukamba za Bwana DC, mzungu woyang'anira boma nthawi ya atsamunda, sazindikira kuti ndi nkhani yomwe ija anali kulemba m'kope m'mawa. Ine zambiri ndinazimvera pa mphasa, zina ndinadzawerenga nditakula, ndipo chimene ndinaona n'choti liwu lililonse apa linali ndi munthu wake, munthu amene akanatha kukumanga, kukulipiritsa kapena kukusamutsa.

Ambiri sadziwa kuti boma loyamba kuno silinali la mfumu ya ku England, linali la kampani. British South Africa Company ya Cecil Rhodes, kampani yamalonda yofuna phindu, ndiyo inkalamulira. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a azungu anathira nkhondo Angoni a mfumu Mpezeni, Nsingo mwana wa Mpezeni anagwidwa n'kuwomberedwa, ng'ombe masauzande zinatengedwa, mwambo wa Nc'wala unaima mpaka unadzayambanso mu 1980. Mu 1899 ndi pomwe anayamba kumanga tauni m'chigwa muno, Chipata wathu yemweyu, n'kuitcha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson mnzake wa Rhodes. Ndipo sinali tauni wamba mwe, kuyambira 1900 mpaka 1911 linali likulu la dziko lonse la North-Eastern Rhodesia, mkulu wake Robert Codrington ankakhala muno, ndiye kuti nkhani za ku Kasama, za ku Fort Rosebery imene lero ndi Mansa, za ku Abercorn imene ndi Mbala, zonse zinkathera kuno. Mu 1911 ataphatikiza dzikoli ndi North-Western Rhodesia kupanga Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, likulu linapita ku Livingstone, ife tinatsala likulu la chigawo chabe, kenako mu 1924 kampani inapereka dziko m'manja mwa boma la Britain.

Kampani imafuna ndalama, ndiye liwu limene makolo analidziwa msanga ndi msonkho. Unayamba mu 1901, mashereni atatu pa nyumba, wamitala ndiye kuti zake zada chifukwa nyumba ya mkazi aliyense inkawerengedwa. Munthu ukhoza kukhala ndi nkhokwe zodzaza, mbuzi m'khola, koma kalaliki akufuna ndalama, nanga ndalama uitenga kuti pamudzi? Apa ndi pomwe panali nzeru yonse ya msonkhowo, unkatulutsa amuna m'midzi kuti akagwire ntchito. Ena ankalowa m'mafamu a fodya a azungu ozungulira Fort Jameson, kumene malipiro anali ochepa, ambiri ankangouyamba wapansi kudutsa dziko la Apwitikizi, lero Mozambique, kuwoloka Zambezi mpaka ku Salisbury, kumene makolo ankati ku Halale, ku Bulawayo, ena mpaka kumigodi ya ku Joni, kenako migodi ya ku Copperbelt itatseguka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anayamba kulowera kumeneko. Amene sanabwerere ndi aja timati machona. Pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi mchona wake, amalume a amayi anu amene anapita ku Halale n'kungotumiza kalata imodzi ndi bulangete, basi osamvekanso.

Ambuya anga aakazi mpaka kumwalira ngwee sanaizolowere, olo kuti kwacha inabwera mu 1968. Iwo kuwerenga kwawo kunali tiki, sikisi, shereni, paundi. Tiki makobiri 3, sikisi makobiri 6, shereni makobiri 12, paundi mashereni 20, ndipo ankaziwerenga pamtima mwachangu kuposa ine ndi foni yanga. M'kachitini kawo ka fodya wamphuno munali khobiri limodzi lobooka pakati, lakuda ndi dothi la m'manja, ukalikhudza chabe ankati "mdzukulu, bweza, imeneyo ndi ndalama yeniyeni osati mapepala anuwa". Mchere ukakwera mtengo ankaukalipira mu mashereni.

Tsopano Bwana DC. Poyamba mzungu wa pa boma ankatchedwa Native Commissioner, dzina la District Commissioner linadzabwera pambuyo, ndipo pamwamba pake panali PC, mkulu wa chigawo chonse, amene ankakhala muno mu Fort Jameson. Lero ntchito zinagawidwa, woweruza ali payekha, a msonkho ali paokha, a ndende paokha, a misewu paokha. Nthawi ija zambiri mwa zimenezi zinali m'manja mwa munthu mmodzi, kawirikawiri mnyamata ndithu wochokera ku Britain. Yemweyo akukulemba m'buku la msonkho, ukalephera yemweyo akukuweruza, yemweyo akukutumiza kukalambula msewu ngati chilango. Ukadandaula kwa ndani?

Kumidzi ankamuona pa ulendo, ndipo azungu okhaokha liwu limeneli analitenga, m'malipoti awo ankalemba ulendo momwemo. Ambuya aamuna ankaifotokoza bwino nkhaniyi, mpaka kuimirira kusonyeza mmene ankaperekera sawasha. Ati kunkayamba kufika mesenjala masiku angapo patsogolo, yunifomu ya buluu yokhala ndi zofiira, kudzauza anyakwawa kuti lambulani njira, mangani msasa, tolani nkhuni, konzani ufa, nkhuku ndi mazira. Kenako mzere wa amtengatenga, wina wasenza hema, wina tebulo, wina bafa, wina bokosi la mabuku, bwana pambuyo, kalekale pa machila atanyamulidwa ndi anthu, pambuyo pake pa njinga, Land Rover inadzabwera mochedwa. M'mawa tebulo pansi pa mtengo, mudzi wonse pansi, kalaliki atsegula buku la kalembera n'kuyamba kuitana mayina. Alipo. Ali ku Halale. Anamwalira. Ali kumunda bwana, abwera. Uyo "ali kumunda" nthawi zambiri ali phee m'phiri kudikira ulendo udutse, ndipo a kufupi ndi malire ankangodumphira ku Nyasaland, lero Malawi, kapena kwa Apwitikizi kwa abale awo mpaka fumbi litatha. Anyakwawa ndi amene ankatsala pamoto, kunama akuopa bwana, kunena zoona akuopa anthu awo amene adzagona nawo mudzi umodzi bwana akapita.

Ukamvetsera bwino nkhani za akuluakulu, amene ankaopedwa kwambiri si DC koma mesenjala. Mzungu Chinyanja ankachiphunzira, ankalemba ndi mayeso ake, koma chinali cha m'buku, ndiye zimene zikuchitika m'mudzi ankazimvera kwa mesenjala ndi womasulira. Mesenjala akakukonda mlandu unkachepa usanafike pa tebulo, akakuda unkakula. Anali munthu wathu yemwe, wodziwa kuti uje amaphika kachasu kudambo, uje ali ndi mfuti ya gogodela yopanda laisensi. Kapitao ndi wina, ameneyo woyang'anira anzake pantchito, pafamu, pamsewu kapena pagulu la amtengatenga, ndipo liwu limeneli silinafe, pitani pomwe akumanga nyumba ku Kalongwezi mukalimva.

M'tauni namo munali malamulo ake, ndipo apa ndi pomwe achinyamata amadabwa. Tauni sinamangidwe kuti ife tizikhalamo, tinkaloledwa chabe chifukwa cha ntchito. Mwamuna ankayenda ndi chitupa, kapepala kosonyeza dzina, mudzi, mfumu, msonkho ndi kumene akugwira ntchito, ndipo wapolisi akanatha kukuimitsa paliponse kuti onetsa. Nyumba ya kukomboni inkayendera ntchito, ntchito ikatha nyumba yathanso, bwerera kumudzi. N'chifukwa chake nthawi yomenyera ufulu anthu ankaotcha zitupa, sikunali kuotcha pepala chabe. Koma mpaka lero agogo ena akamafuna reji yawo amati ndipatseni chitupa changa.

Tauni inagawidwa patatu. Kumayadi kwa azungu, nyumba zazikulu, mitengo, kalabu yawo, kumbuyo kanyumba ka wantchito, bambo wa imvi zake akuitanidwa kuti boyi. Amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat amene anayamba kufika zaka zoyambirira za m'ma 1900, anali ndi mbali yawo ya masitolo, ndiwo ma Down Shops athuwa, ndipo ndi iwo amene ankagulitsa kwa munthu wakuda nsalu, mchere, makasu, njinga, telala ali pakhonde ndi makina ake. Ndiye komboni kwa ife. M'masitolo ndi m'mabutchala a azungu m'matauni a Northern Rhodesia munthu wakuda ankagulira pa windo, osalowa pakhomo, upereke ndalama ulandire chimene wakupatsa, ndipo zimenezi ndi zomwe a chipani cha Congress cha Harry Nkumbula ankanyanyala m'zaka za m'ma 1950. Onani kuti mawu awiriwa, mayadi ndi komboni, tikuwagwiritsabe ntchito osaganiza n'komwe, mwana wa ku Nabvutika kapena ku Mchini amadziwa yekha kuti wa ku Moth ndi wa kumayadi, azungu anapita kale koma mizere ija ilipo.

Nanga ankayendetsa tauni ndani? Matauni ang'onoang'ono analibe meya, anali ndi kabungwe kotchedwa management board, azungu amalonda ndi a boma, ndiwo ankaona za madzi, misewu, zinyalala, msika ndi mapuloti. Wakuda mwina kumufunsa maganizo chabe. Ndipo ndalama zothandizira kukomboni zambiri zinkachokera ku holo ya mowa, board ikugulitsa mowa wamasese, phindu lake n'kumangira holo ya zisangalalo kapena bwalo la mpira, uku azimayi ofulula mowa wawo m'komboni akuthamangitsidwa chifukwa akulanda makasitomala. Ndiye kuti komboni inkadzilipirira yokha chitukuko chake kudzera pakhosi. Ine imeneyi imandiseketsa komanso kundikwiyitsa nthawi imodzi.

Pali liwu lina limene limamveka kwa okalamba a kumidzi, malizevu. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, anati anapatsidwa dziko ndi Mpezeni, pepala limenelo linadzafika m'manja mwa North Charterland Exploration Company, malo okwana masikweya mailosi pafupifupi 10,000, ndiye kuti gawo lalikulu la chigawo chathu linali katundu wa kampani. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anadula malo ena kuti awa ndi a anthu akuda, malizevu, anthu n'kusamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo. M'malizevu anthu anathithikana, nthaka inaguga, njala osatha, pomwe malo ambiri osungira azungu anangomera thengo chifukwa azungu amene ankayembekezeka sanabwere ambiri, fodya atagwa mtengo ena anathawa. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezeretsa anthu. Mukamva mikangano ya malire pakati pa midzi, kapena agogo akuti kwathu kwenikweni ndi uko kuli famu, muzu wake nthawi zambiri uli pamenepa.

Mafumu nawo anasinthidwa ntchito. Malamulo a 1929 anapanga zimene ankati Native Authority ndi makhoti a mafumu, ndipo mu 1936 anawapatsa thumba lawo la ndalama. Kwa Angoni pamwamba Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ndi mafumu ake monga Madzimawe, Nzamane, Maguya, Kapatamoyo, kwa Achewa Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ake. Mfumu inakhala ndi ofesi, kalaliki wa khoti, sitampa, malipiro, ndi kapaso. Kusiyana kuli apa, mesenjala ndi wa DC, kapaso ndi wa mfumu. Kapaso alipo mpaka lero, yunifomu ya khaki, chipewa, kalata m'thumba la malaya, akatsika njinga pakhomo panu ana onse amakhala chete. Kukhoti ya mfumu kunkapita milandu ya ukwati, chigololo, ng'ombe zadya mmunda, ngongole, koma milandu ikuluikulu ngati kupha inkapita ku boma. Malaisensi a galu, a mfuti ndi a njinga ankadulidwanso, tangoganizani Chipata wa lero ndi njinga zake zonsezi aliyense akufunsidwa kachitsulo ka laisensi.

Pamwamba zinkaoneka ngati ulemu kwa mafumu, koma ine ndimaona kuti anawaika pakati pa nyundo ndi mwala. Mfumu yomwe kale mphamvu yake inkachokera kwa anthu ndi mizimu ya makolo tsopano inkalandira malipiro kwa DC, ndipo DC akanatha kupempha kuti ichotsedwe. Malamulo osakondedwa, kukumba zimbudzi, kupanga migula m'minda, kulambula misewu, ankabwera ndi pakamwa pa mfumu, chindapusa n'kudulidwa kukhoti kwake. Ndiye nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, anyamata a ndale atayamba kulimba, mafumu ena ankatchedwa ogulitsa dziko, ena anaima ndi anthu awo n'kuvutika nazo. Sindingawaweruze onse mofanana, mpando umenewo unali wotentha.

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964 zinthu zinasintha mwachangu, dzina la Fort Jameson linachoka n'kukhala Chipata, ngati mmene kutsidya Fort Manning inasandukira Mchinji. Lamulo la 1965 linathetsa ma Native Authority n'kubweretsa makhonsolo osankhidwa, a m'tauni ndi a kumidzi, ndipo makhoti aja anachoka m'manja mwa mafumu n'kukhala malokolo khoti. Apa ndi pomwe tinayamba kumva za khansala ndi wadi. Koma posakhalitsa panabwera munthu wina wamphamvu, gavanala, wosankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo dziko litalowa chipani chimodzi mu 1973 boma ndi chipani cha UNIP zinasakanikirana mpaka osadziwa uyu ndi wa khonsolo kapena wa chipani. Lamulo la 1980 linamaliza zonse, gavanala yemweyo ndiye wapampando wa khonsolo, makhansala akusankhidwa ndi a chipani okha. Amene munakula nthawi imeneyo mukukumbuka mawu ake, tcheyamani wa sekishoni, wa buranchi, wa wadi, mavijilante, khadi la chipani limene ankafunsa pamsika ndi pokwera basi, mizere ya shuga ndi saladi, masankho a Kaunda kupikisana ndi chule, chizindikiro cha voti yokana. Amayi anga amati tcheyamani wa sekishoni ankadziwa mlendo aliyense wagona m'komboni, ankaweruza ndewu za m'banja, ankalemba kalata yoti ukapezere puloti. Kunena zoona ena ankathandiza, maliro ankayendetsa bwino, koma mantha analipo.

Mu 1991 zipani zambiri zitabwerera lamulo latsopano linalekanitsa khonsolo ndi chipani, gavanala anatha. Koma chakumapeto kwa ulamuliro wa a Chiluba anabweretsa ma DA, ma District Administrator, nthawi ya a Mwanawasa n'kuwatcha ma DC, dzina lija la atsamunda linabwerera lonse. DC wa lero saweruza milandu, satolera msonkho, ntchito yake ndi kuyang'anira madipatimenti a boma m'boma lake, za chimanga cha chithandizo kukagwa njala, zoimira boma pa zochitika. Koma auzeni agogo kuti DC akubwera, amavala jekete.

Lero tili ndi meya amene kuyambira 2016 timamuvotera tokha, kale ankasankhana makhansala okhaokha. Chipata inakhala mzinda, city, mu Febuluwale 2017, ntchito za tsiku ndi tsiku za khonsolo amayendetsa ndi tauni kilaki ndi antchito ake, ndipo CDF, thumba la ndalama za chitukuko, imene mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense imadutsira ku khonsolo komweko, mapulojekiti akuyambira ku makomiti a mawadi. Komabe makomo aja atatu, la boma, la mfumu ndi la oyendetsa tauni, alipobe, ndipo anthu timasochera pakati pake tsiku lililonse. Msewu wa m'komboni ukakumbika tikutukwana MP, mlandu wa munda tikupita nawo kupolisi, madzi akasowa tikufuna DC.

Pomwe kusochera kumeneku kumadyera anthu ndalama ndi pa mapuloti, chifukwa tauni yakula mpaka yalowa m'malo a mafumu. Msuweni wanga wina anagula malo kunja kwa tauni, anapatsidwa kalata ya anyakwawa yolemba pamanja, sitampa yabuluu pansi, mboni ziwiri, iye n'kumati ndili ndi mapepala. Tsiku limene anapita kukafuna ngongole kuti amalize nyumba anamuuza kuti kalatayo si taitolo. Malinga ndi lamulo la malo la 1995 malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ena ndi a mwambo oyang'aniridwa ndi mafumu, ena ndi a boma amene umapatsidwa pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Kuti malo a mwambo asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu yeniyeni osati anyakwawa okha, kenako khonsolo ivomereze, masaveya ayeze, ndiye fayilo ipite kwa Commissioner of Lands, mkulu wa za malo m'boma. Msuweniyo anayambira kwa mfumu, anaperekezedwa ndi anyakwawa omwe aja, lomba fayilo yake ili ku khonsolo, nyumba ili pa windo levulo.